Chishango cha m'Galasi ndi Bwato la Chikopa

Pamene aphunzitsi athu a Jogalafe anatiuza kuti kuli anthu amene akhala m'dziko lopanda mtengo ndi umodzi womwe, lopanda munda, lopanda ng'ombe, ambiri a ife tinaseka. Mnzanga wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nafunsa, nati, "Nanga aphunzitsi, munthu wopanda ng'ombe akwatira bwanji?" Kalasi yonse inafa nako kuseka. Aphunzitsi naonso anamwetulira, koma anangoti, "Funso limenelo ulisunge bwino, udzandifunsenso tikabwerako ku Mua." Tsono ku Mua tinapitadi, ndipo tabwerako. Akonzi a magazini ino andipempha kuti ndilembe zimene tinaphunzira, kuti anzathu a makalasi ena amene sanapite nao aweruze okha ngati ulendo wotere uli ndi phindu, kapena kuli kungomwaza ndalama za makolo.

Tiyambe ndi anthu aja tinawaseka. Mabuku akale awatcha Aeskimo, koma ambiri a iwo dzina limenelo salikonda. Eni ake adzitcha Inuit, ndiko kunena kuti "anthu", ndipo mmodzi wa iwo ndiye Inuk. Akhala m'mphepete mwa nyanja zozizira za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Greenland, kumpoto kwa Canada ndi ku Alaska. Pa kalembera wa chaka cha 2021, m'Canada mokha anawerengedwa oposa 70,000, ndipo kuyambira pa 1 April 1999 ali ndi chigawo chaochao m'dzikomo chotchedwa Nunavut. Ife a ku Mzimba timati tidziwa chisanu chifukwa cha mphepo ya ku Viphya m'mwezi wa June, pamene madzi osamba aluma zala. Koma kumeneko nyanja yeniyeniyo iundana nilimba monga thanthwe, kotero kuti munthu ayendapo pamodzi ndi agalu ake okoka katundu. Ku mudzi wa Qaanaaq, kumpoto kwa Greenland, dzuwa likalowa kumapeto kwa October silionekanso kufikira mwezi wa February.

Ndikonzeretu bodza limodzi limene ine ndemwe ndinali kulikhulupirira. Si zoona kuti Inuit onse agona m'tinyumba tozungulira ta chipale chofewa tija tiona pa zithunzi. Ngakhale kale lomwe ambiri a iwo anali kumanga ndi miyala ndi zibuma za udzu, ndipo m'nyengo yofunda anali kugona m'mahema a zikopa. Lero akhala m'nyumba za matabwa zokhala ndi magetsi, ana ao apita ku sukulu monga ife, ndipo ali ndi mafoni m'matumba. Zinthu za makolo ao zimene nditi ndifotokoze, munthu akhoza kuziona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene pa Chingerezi aitcha museum.

Sabata imodzi tisananyamuke, aphunzitsi anabwera ndi kompyuta yao natisonyeza zithunzi za zipangizo za Inuit, zonga zimene zisungidwa m'nyumba yotere ku Nuuk, likulu la Greenland. Anati munthu wolowa m'nyumba yosungiramo zakale wopanda funso m'mutu afanana ndi mlendo wopita pa maliro a munthu amene samdziwa: aona anthu akulira, iye nangoyang'ana denga. Chomwecho anatipatsa mafunso atatu oti tifunse chinthu chilichonse. Chinapangidwa ndi chiyani? Anachipanga ndani? Nanga chinathetsa vuto lanji?

Choyamba chimene tinachifunsa mafunso awa chinali mwala wofewa wosemedwa monga mbale yosazama, wooneka ngati mwezi wa theka. Dzina lake ndi qulliq, ndiyo nyali yao. M'mbalemo athiramo mafuta a seal, nyama ya m'nyanja yonga katumbu wamkulu wonenepa, ndipo m'mphepete mwake ayalamo ndere zouma kukhala chingwe cha nyali. Poyamba ndinaiyesa koloboyi wamba. Koma pofika pa funso lachitatu ndinaona kuti ndalakwa, pakuti m'dziko lopanda nkhuni mwala umenewu ndiwo mafuwa, ndiwo moto woothera, ndiwo dzuwa loumitsira zovala zonyowa, ndiwonso chosungunulira madzi akumwa. Wosamala nyaliyi anali mai wa pa nyumba, ndipo anayenera kudziwa kukonza lawi kuti lisafuke utsi. Nyaliyo ikazima m'miyezi ya mdima, banja lonse linali pa ngozi. N'chifukwa chake anthu a ku Nunavut anaijambula pa chizindikiro cha boma lao.

Chachiwiri chinali bwato la munthu mmodzi, limene iwo alitcha qajaq, ndipo Azungu anabwereka dzinalo nati kayak. Atonga a ku Nkhata Bay akafuna bwato agwetsa mtengo waukulu nausema. Koma Inuk akautenga kuti mtengo? Iye anali kutola timitengo tobwera ndi mafunde kuchokera ku maiko akutali, natimanga pamodzi monga nthiti, kulinganiza ndi msinkhu wa thupi lake lomwe. Atatero akazi anali kuphimba nthitizo ndi zikopa za seal, nazisoka ndi mitsempha ya nyama. Luso lake lili apa: singano sinali kuboola chikopa kufikira kuseri, koma inali kulowa pakati pa chikopacho nitulukira mbali yomweyo, kuti madzi asapeze polowera. Mlenje wa m'bwato lotere anali kuika moyo wake pa msoko wa mkazi wake. Ndiponso bwato likagubuduzika pakati pa madzi ozizira, iye anayenera kudziwa kudzitembenuza ndi nkhafi yake osatulukamo, chifukwa munthu wogwa m'madzi amenewo sakhalitsa.

Atsikana a m'kalasi mwathu anakondwera koposa ndi chachitatu, chovala cha amai chotchedwa amauti, chosokedwa ndi chikopa cha seal kapena cha caribou, nyama ya nyanga yonga mphalapala. Kumsana kwake kuli thumba lalikulu loberekeramo mwana, kotero kuti mwanayo afunda ndi thupi la amake. Mmodzi wa atsikanawo anati, "Aphunzitsi, imeneyo ndi mbereko basi!" Kuyambira pamenepo kuseka kunayamba kuchepa.

Za ulendo weniweniwo sindinena zambiri. Tinanyamuka kusanache, tinadzera ku Jenda, Kasungu ndi Lilongwe, ndipo tinafika ku Mua, m'boma la Dedza pafupi ndi Mtakataka, titatopa ndiponso titatuwa ndi fumbi. Kutentha kwa kunyanja kunatisautsa ife ana a ku mapiri. Mishoni ya Mua anaiyamba ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, dziko lomwe lija la Inuit, anayambitsa pamenepo malo a luso ndi miyambo otchedwa KuNgoni, ndipo pamalopo ndi pamene pali nyumba yosungiramo zakale ya Chamare. Makoma ake a kunja ajambulidwa zithunzi za mbiri ya dziko lino, ndipo m'kati mwake afotokoza miyambo ya mitundu itatu, Achewa, Ayao ndi Angoni, kuyambira pa kubadwa kwa munthu kufikira pa maliro ake.

Ine, mwana wa ku Engutwini, ndinathamangira ku mbali ya Angoni ndi mtima wodzikuza, poganiza kuti kumeneko ndiye ndikaphunzitsa anzanga. Ndinadziwa kuti Zwangendaba anaoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835 tsiku la kadamsana, ndi kuti Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza ali a Maseko, amene anayenda ulendo wao padera, osati a Jere monga ife a kwa M'mbelwa. Zimenezi ndinazinena mokweza kuti onse amve. Pamenepo aphunzitsi anandiimika patsogolo pa chishango, nati, "Chabwino, Mngoni iwe, yankha mafunso atatu aja."

Loyamba ndinayankha msanga: chikopa cha ng'ombe. Lachitatu ndinayankhanso: kutchinjiriza mikondo pa nkhondo, ndipo lero kuvinira ingoma. Koma pa lachiwiri ndinakakamira. Anachipanga ndani, ndipo anachipanga bwanji? Chikopa cha ng'ombe chikauma chipindika nichikhala ngati khungwa. Nanga ichi chinaongoka bwanji? Timizere tiwiri ta zingwe totsika pakati pake n'tokometsera chabe, kapena tili ndi ntchito? Ndinaima duu, thukuta lili kamukamu, ndipo mnzanga uja wa funso la ng'ombe anandinong'oneza kuti, "Za bwato la Inuit unalongosola bwino kuposa izi." Ananena zoona, ndipo mau amenewo anandipweteka ulendo wonse.

Komabe pamalo pomwepo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo kale. Chimene seal ali kwa Inuk, ndicho chimene ng'ombe ili kwa Mngoni. Inuk adya nyama ya seal, aunikira ndi mafuta ake, avala chikopa chake, nayenda pa nyanja m'chikopa chomwecho. Mngoni amwa amasi, adya nyama, azira pansi ndi ndowe, avinira chikopa, alowola mkazi ndi ng'ombe, ndipo kale mwamuna wolemekezeka akamwalira anali kumkulunga m'chikopa cha ng'ombe namuika pafupi ndi khola, limene kwathu tilitcha chibaya. Mitundu iwiri imene sinaonanepo, wina pa madzi oundana, wina m'madambo a mtsinje wa Rukuru, yonse inamanga moyo wao pa nyama imodzi, osataya kanthu.

Chipinda chimene chinatidabwitsa tonse ndi cha Gule Wamkulu, m'mene muli zigoba mazanamazana. Gule ameneyu, pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka, bungwe la UNESCO linamlengeza m'chaka cha 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Koma mnzathu wina, Mchewa wa ku Kasungu amene analowa kudambwe, anaima pakhomo nthawi ndithu asanalowe, ndipo atalowa sanalankhule kanthu. Madzulo pa chakudya tinamfunsa. Iye anati sakukana kuti zinthuzo zasungidwa mwaulemu, ndiponso kuti zikadapanda kusungidwa zambiri zikadatha. Koma kwao kuli zinthu zimene munthu wosameta sayenera kuziona chomwecho, ndipo mtima wake unagawanika. Tinatsutsana kufikira usiku, ena nati maphunziro alibe chinsinsi, ena nati mwini mwambo ndiye ayenera kunena chimene chionetsedwe.

Pa mtsutso umenewu aphunzitsi anatibwezeranso kwa Inuit natisimbira nkhani yomvetsa chisoni. M'chaka cha 1897 Robert Peary, Mmereka wofufuza maiko a kumpoto, anatenga Inuit asanu ndi mmodzi a kumpoto kwa Greenland napita nao ku New York, kuti akatswiri a nyumba ya American Museum of Natural History akawapime. Pakati pao panali kamnyamata dzina lake Minik ndi atate wake Qisuk. Matenda a kumeneko anawagwira, ndipo anai anamwalira, Qisuk ali mmodzi wa iwo. Akuluakulu a nyumbayo anachita maliro onama pamaso pa mwanayo, koma mafupa a atate wake anawasunga m'nyumba yao ya zakale. Minik atakula anazindikira chinyengocho, napempha mafupawo kuti akawaike mwa mwambo, koma anamkaniza, ndipo iye anamwalira m'chaka cha 1918 asanawalandire. Mafupa a anthu anai aja anabwezedwa ku Qaanaaq m'chaka cha 1993, patapita zaka zoposa 90. Tisayese kuti zotere zichitika kutali kokha. Chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mu mgodi wa Broken Hill, ndiwo Kabwe wa lero ku Zambia, m'chaka cha 1921, anachitengera ku London, ndipo boma la Zambia lachipempha kambirimbiri.

Chotero nyumba yosungiramo zakale ikhoza kusunga, ikhozanso kulanda. Pa mafunso atatu aja ine ndaonjezapo lachinai, limene ndipempha aliyense alifunse: chinthu ichi chinafika bwanji muno, ndipo eni ake anavomera kodi? Anthu a ku Greenland analifunsa funso limeneli kwa Denmark, dziko limene linawalamulira zaka zambiri, ndipo pakati pa 1982 ndi 2001 zinthu zokwana ngati 35,000 zinachoka ku Copenhagen kubwerera ku Nuuk. Ntchito imeneyi anaitcha Utimut, ndiko kuti "kubwerera".

Koma nkhani imene inandigwira mtima koposa ndi ya bwato lija. Mabwato a injini atafika ku Greenland, anyamata analeka kuphunzira qajaq, ndipo m'midzi yambiri luso lake linatsala pang'ono kufa. M'zaka za m'ma 1980 nyumba ya ku Nuuk inaonetsa mabwato atatu akalekale obwerekedwa ku Netherlands. Anyamata ena atawaona anazizwa ndi ukatswiri wa makolo ao, koma sanalekere pa kuzizwa. Anapita kukafunafuna nkhalamba zochepa zimene zinali kudziwabe kumanga bwato ndi kulitembenuza m'madzi, nakhala pansi kuphunzira, nayambitsa timagulu ta qajaq, ndipo lero ku Greenland kuchitika mipikisano ya luso limeneli. Bwato la m'nyumba ija silinaphunzitse munthu kupalasa. Linangowachititsa manyazi monga chishango chinandichititsira ine, ndipo amene anawaphunzitsa ndi nkhalamba zija.

Pa tchuthi chotsatira, nditafika kwathu ku Engutwini, ndinapita kwa agogo aamuna, atate ao a adada. Ndinakhala pansi chapatali monga mwa mwambo, ndinapereka moni, ndipo ndinati, "Agogo, kodi chishango chanu chija chilipo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mzukulu wanga, zaka zonsezi lero ndiye wachikumbuka?" Tinalankhula m'Chitumbuka, pakuti Chingoni chenicheni kwathu chatsalira m'nyimbo za ingoma, m'maina a midzi ndi m'mau owerengeka monga "yewo" ndi "agogo" omwewo, ine ndangotembenuza. Anandituma kukwera ku tsindwi la nyumba yakale yophikira. Ndinachipeza chakuda bii ndi mwaye, ubweya utathothoka, ndipo mbali ina njenjete ndi makoswe zinali zitadya kufikira pa ndodo.

Anachiika pa maondo ao nayamba kufotokoza, ine ndikulemba m'kope langa la Jogalafe. Anati chikopa achikhomera pansi ndi zikhomo chikali chachiwisi kuti chiume choongoka. Chikauma achikwirira m'ndowe za m'chibaya masiku awiri kapena atatu kuti chifewe, kenaka achipuntha ndi mwala wosalala, ndipo pamenepo ndi pamene achidula. Ng'ombe yaikulu itulutsa zishango ziwiri. Timizere tiwiri tija si tokometsera chabe ai: ndi zingwe za chikopa zolowetsedwa m'timabowo, zimene zilimbitsa pakati pa chishango pamene mkondo ufikira, ndiponso kuseri kwake ndizo zigwira ndodo ndi popisa dzanja. Funso limene linandigonjetsa ku Mua linayankhidwa m'mphindi khumi pa khonde la kwathu.

Ndinafunsanso kuti, "Nanga m'mudzi muno adziwa kupanga ndani?" Anawerenga pa zala natchula amuna atatu, awiri anamwalira, wachitatu maso ake achita khungu. Anati anyamata ovina ingoma pa chikondwerero cha Umthetho ku phiri la Hora, chimene chichitika m'mwezi wa August, ambiri zishango zao achita kugula kapena kubwereka, ndipo chikopa cha ng'ombe yophedwa pa ukwati masiku ano achigulitsa kapena angochitaya kuseri kwa khola agalu nachikoka.

Potchula Hora ndikumbukire mau a mnzanga wina Mtumbuka, amene anandidzudzula nditamwerengera zimene ndalembazi. Anati, "Iwe ulemba za chishango ngati chinthu chokongola, makolo anga anachiona chikubwera kutsogolo kwao." Akunena zoona. Pa phiri lomwelo, cha m'ma 1880, Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira ulamuliro wa Angoni, nazingidwa, ndipo ambiri anaphedwa. Ambiri a ife m'sukulu muno tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Tikadzasonkhanitsa zakale za boma lino, pambali pa chishango payenera kukhala khasu la Mtumbuka losulidwa ku ng'anjo, ng'oma ya Vimbuza, ndi nkhani ya Baza yosimbidwa ndi zidzukulu zake.

Tsono pempho langa kwa anzanga ndi ili. Si onse angathe kufika ku Mua, kapena ku Karonga kumene nyumba ya zakale inatsegulidwa m'chaka cha 2004, kapena ku Stone House ya Dr Robert Laws ku Livingstonia. Koma aliyense ali ndi tsindwi, nkhokwe kapena bokosi la agogo. Pa tchuthi chikudzachi yense asankhe chinthu chimodzi, kaya ndi chigubu cha amasi, kaya mphasa, kaya mkanda, kaya msampha wa mbewa, achifunse mafunso anai aja pamaso pa mwini wake, alembe dzina lake m'chinenero chimene mwiniyo alitchulira, ndipo achijambule. Chinthucho musachitenge ai, chisiyeni kwa eni ake. Mubwere ndi mau okha. Aphunzitsi a Mbiri avomera kusunga zolembazo m'kope limodzi lalikulu m'laibulale, ndipo tsamba loyamba ndalemba kale ine.

Ndatsala pang'ono kuiwala funso la mnzanga uja. Pobwerera, basi itadutsa Kasungu, iye anakumbutsa aphunzitsi za lonjezo lao. Iwo anayankha kuti kale pakati pa Inuit mnyamata anali kuyesedwa wokhwima pamene waonetsa kuti adziwa kusaka ndi kudyetsa banja, ndipo namwali pamene adziwa kusoka zovala ndi kusamala nyali. Mnzangayo analingalira pang'ono, nati, "Ndiye kuti kumeneko ine ndikadafa mbeta, pakuti ngakhale njiwa sindinaphepo." Agogo anga, nditawasimbira zimenezi, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo analonjeza kuti ng'ombe ikadzaphedwa pa ukwati wa alongo anga m'mwezi wa September, chikopa chake sichidzagulitsidwa. Zikhomo ndasema kale khumi ndi ziwiri, koma iwo akuti n'zochepa.